ZA NG'ANJO ZA MAKOLO ATHU NDI CHUMA CHA DZIKO

Mwezi wathawu ana a sukulu yathu, polambula thengo la kuseri kwa munda, anatola miyala yakuda yolemera, yokhala ndi timaenje ngati zisa za njuchi, nadza nayo kwa ife kudzafunsa kuti, "Aphunzitsi, miyala yotani iyi?" Wina anati ndi miyala ya mphenzi, wina anati inagwa kuchokera ku nyenyezi. Mwa ana onsewo panalibe ndi mmodzi yemwe wakudziwa kuti miyalayo ndiyo zotsala za ng'anjo, ndi kuti pamalo pomwe anaimapo munthu wa mtundu wao anayengapo chitsulo chochokera m'dothi la kwao lomwe. Tinagwidwa manyazi, pakuti kusadziwa kwa mwana ndiwo mlandu wa akuru.

Chifukwa chache tati mwezi uno tikambirane nanu, abale, za ng'anjo, ndi za nsaru zimene makolo athu anaomba. Sitifuna kungotama zakale monga achita okalamba pamoto usiku. Tifuna kuonetsa chinthu chimodzi chimene mbiri iphunzitsa, ndicho ichi: chuma cha dziko chikhazikika kumene kuli anthu odziwa kupanga ndi kukonza zipangizo zimene agwira nazo nchito, ndipo luso lotere likachoka, chuma chitsata pambuyo pache, ngakhale anthu alime koposa kale.

CHITSULO CHA M'DOTHI LATHU

Ofukula zakale anakumba pa Nkope, kumwera kwa nyanja ya Malawi, ndi pa phiri la Phopo kufupi ndi Rumphi, napeza mapale a mbiya pamodzi ndi zotsala za chitsulo zimene zakhala m'nthaka zaka zoposa 1,500. Ndiko kunena kuti anthu a dziko lino anali atayenga chitsulo zaka 1,000 Mpwitikizi woyamba asanakwere mtsinje wa Zambezi. Ng'anjo zina ziri chiimire kufikira lero m'nkhalango ya Kasungu, ndipo munthu akhoza kukaziona ndi maso ache.

Nchito yache inali yotere. Amisiri anaumba ng'anjo ndi dothi la pachulu, yaitali yoposa msinkhu wa munthu, nasiya mabowo m'tsinde mwache, m'mene analowetsa timipope ta dothi. Ena anakumba miyala ya chitsulo m'mphepete mwa madambo, ena anagwetsa mitengo yolimba naotcha makala. Pamenepo anasanja makala ndi miyala m'ng'anjomo mosinthanitsa, nayatsa moto. Ng'anjo zazitalizo sizinafuna mvukuto ai. Mpweya wotentha pokwera m'mwamba unakoka mpweya wina kulowa pa timipope ta pansi, ndipo moto unadzipemerera wokha usana ndi usiku. Chotulukamo sichinali chitsulo choyera, koma chibuma cha chitsulo chosanganikirana ndi zonyansa. Ichi anachiphwanya, nasankha zabwino, naziotchanso m'ng'anjo yaing'ono ya mvukuto wa chikopa. Ndipo potsiriza pache wosula anachisula pachipala kufikira zonyansa zitatuluka, natulutsa khasu, kapena nkhwangwa, kapena mkondo. Miyala yakuda ija anatola ana athu ndiyo zonyansa zimene zinatayidwa.

Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980, akatswiri awiri, Nikolaas van der Merwe ndi Donald Avery, anapeza okalamba ku Chulu m'boma la Kasungu, ndi ena kwa Aphoka kumpoto, amene anali kukumbukirabe nchitoyi, nawapempha kuti amangenso ng'anjo. Anaona mankhwala ndi miyambo yambiri imene amisiri anasunga. Koma anaonanso kuti pamodzi ndi miyamboyo panali nzeru ya kudziwa dothi, kusankha mtengo wa makala, ndi kuyesa mphamvu ya moto popenya maonekedwe a lawi. Nzeru yotere siinalembedwa m'buku. Inakhala m'maso ndi m'manja mwa anthu owerengeka.

KHASU LINABALA MALONDA

Kodi khasu lingalemeretse bwanji dziko? Taganizani munthu wolima ndi mtengo wosongoka, ndi mnzache amene wagwetsa thengo ndi nkhwangwa, nalima ndi khasu la chitsulo. Woyambayo akolola zongokwanira pakamwa pache. Wachiwiriyo adzaza nkhokwe, natsala ndi dengu la mapira. Dengu lotsalalo ndilo chiyambi cha chuma chonse. Ndi ilo adyetsa wosula, amene tsopano safunika kukhala kumunda masiku onse. Ndi ilo agula mchere kwa akazi a ku Chilwa ndi a kuchigwa cha Shire, amene anatcheza dothi la mchere naphika madzi ache. Ndi ilo agula nsomba zouma kwa asodzi, amenenso afuna mbedza ndi kasemasema wosemera bwato. Wosula afuna wootcha makala, wootcha makala afuna nkhwangwa, ndipo onsewo afuna mbiya, mphasa ndi chobvala. Motero chipangizo chimodzi chopangidwa pamudzi chidzutsa nchito zambiri, ndipo mtengo wa zonsezo uzungulira pakati pa anthu omwewo, osaturuka.

Masiku amenewo kunalibe ndalama, ndipo khasu lopanda mpini linagwira nchito ya ndalama. Munthu analipira nalo mlandu, nagula nalo mbuzi, napereka nalo mtulo kwa mfumu. Pakuti siliola, silibvuta kunyamula, ndipo palibe banja losalifuna. Kumpoto, ku Nkhamanga, anthu anena kuti dzina la ufumu wa Chikulamayembe linachokera ku mau a Chiswahili onena za kunyamula makasu, popeza Mlowoka ndi anzache anakopa mitima ya eni dziko ndi makasu, nsaru ndi mikanda.

Malonda amenewa sanathere m'midzi yoyandikana. Pa Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka, pamene panali mudzi wa Kalonga, mfumu yaikuru ya Amaravi, katswiri wa kuno kwathu Yusuf Juwayeyi anakumba napeza zipangizo za chitsulo, mphete za mkuwa, zibangiri za minyanga, mikanda ya galasi, ndi mapale a mbale zochokera ku China. Zinthu za kutali kotere sizinadza chabe. Panali zimene makolo athu anapereka posinthana nazo.

Alendo amene analemba zimene anaona atiuza zinthuzo. M'chaka cha 1616 Gaspar Bocarro anayenda pansi kuchokera ku Tete kufikira ku Kilwa, pa gombe la nyanja yaikuru, napyola dziko la Amaravi, nachereza kwa mfumu Muzura; ndipo ulendo wache uonetsa kuti njira inali yotseguka kale. M'chaka cha 1667 wansembe Manuel Barreto analemba kuti malonda a dziko la Amaravi anali minyanga yambiri, chitsulo chambiri, akapolo, ndi nsaru za thonje zotchedwa machila, zofunidwa kwambiri m'dziko la Akaranga, kumene lero kuli Zimbabwe. M'zaka za 1831 ndi 1832 Antonio Gamitto, popita kwa Kazembe, anapyola midzi ya Amaravi ndi Achewa, nalemba m'mene anayengera chitsulo ndi kusula makasu, amene anafika kufikira m'midzi ya Apwitikizi ya pa Zambezi. David Livingstone yemwe anatenga makasu a m'chigwa cha Zambezi kunka nao kwao, ndipo mmisiri wa ku Birmingham, mudzi wa osula otchuka, anapeza chitsulo chache chokoma kotero kuti anapanga nacho mfuti.

Sitibisa mau amodzi amene ali m'kalata wa Barreto, ndiwo akapolo. Njira imene inanyamula makasu ndi nsaru inanyamulanso anthu omangidwa, ndipo mafumu ena a mtundu wathu analandira mtengo wao. Koma taonani kusiyana kwache. Mudzi wogulitsa khasu utsala ndi ng'anjo yache ndi wosula wache, ndipo mawa usulanso lina. Mudzi wogulitsa munthu wataya manja omwewo amene akadasula. Malonda amodzi anamanga dziko, ena analidya. Ndipo tidzaona kuti achiwiriwo ndiwo anapambana.

THONJE NDI NSARU YA MACHILA

Tibwerere ku nsaru ija Barreto anatchula. Pamene Livingstone anakwera mtsinje wa Shire m'chaka cha 1859, anapeza Amang'anja ali ndi minda ya thonje, ndipo m'midzi yambiri imene analowa anaona anthu ali pabwalo, ena akuchotsa nthangala, ena akupota, ena akuomba. Anapeza thonje la mitundu yosiyana. Lina anthu analitcha thonje manga, ndiko kuti lochokera kunja. Lina thonje kaja, la kwao, la ulusi waufupi ndi wokhakhala ngati ubweya wa nkhosa, limene ambiri analikonda chifukwa nsaru yache inali yolimba. Kupota ndi kuomba inali makamaka nchito ya amuna, monga kuphika mchere ndi kuumba mbiya inali nchito ya akazi. Woomba anakhoma zikhomo pansi, natambasula ulusi pakati pao, napititsa ulusi wina chopingasa ndi dzanja, mzere umodzi umodzi, masiku ambiri. Anaonanso m'mapiri a dziko lomwelo nyumba zoyengeramo chitsulo, ndi osula akusula makasu, singano, mivi ndi zibangiri.

Pano pali phunziro limene sitiyenera kulumpha. Amang'anja sanakana thonje manga chifukwa linali lachilendo. Analilandira, nalibzala pambali pa lao, nalipota ndi manja ao. Ngakhale chimanga chimene titcha cha makolo chinaoloka nyanja kuchokera ku America, ndipo nzeru ya ng'anjo yomwe inadza ndi anthu olowa m'dziko kuchokera kwina. Tikati luso la kwathu, sititanthauza chinthu chimene sichinakhudzidwe ndi mlendo. Titanthauza chinthu chimene anthu a pamalo anachigwira, nachiyesa, nachisintha kuti chiyenere dothi lao ndi makhalidwe ao, kufikira anatha kuchipanga ndi kuchikonza popanda kudikira munthu wa kutsidya.

KUZIMA KWA NG'ANJO

Nanga zonsezi zinapita kuti? Sizinafa ndi nthenda imodzi. Choyamba chinali nkhondo. Angoni a Zwangendaba anaoloka Zambezi m'chaka cha 1835, ndipo m'zaka zotsatapo magulu ankhondo ndi ogula akapolo ochokera ku magombe anasokoneza dziko lonse, kuyambira kunyanja kufikira kuchigwa. Ng'anjo imangidwa kuthengo, kutali ndi mudzi, ndipo ifuna anthu ambiri masabata ambiri. Anthu obisala m'malinga ndi pamwamba pa mapiri sangathe kuichita. M'zaka za 1862 ndi 1863 chilala chinagwa m'chigwa cha Shire pamodzi ndi nkhondo ya akapolo, ndipo anthu anafa osawerengeka. Livingstone pobwerako anapeza mabwinja pamene anasiya midzi ya oomba nsaru. Mmisiri akafa asanaphunzitse mwana, zonse za m'mutu mwache zilowa naye m'manda.

Chachiwiri chinali katundu wa m'mafakitale. Nsaru ya merikani inali itayamba kale kulowa ndi amalonda a ku gombe. Ndipo kampani ya African Lakes, imene anthu anaitcha Mandala, itayamba m'chaka cha 1878, nsaru ndi makasu a ku Ulaya zinadza ndi sitima za pamadzi. Njanji itafika ku Blantyre m'chaka cha 1908, zinachuruka koposa. Tinene zoona: katunduyo anali wotsika mtengo. Nsaru imene woomba anatha nayo masiku ambiri, makina anaiomba m'kamphindi. Khasu la ng'anjo linadya mitengo yambiri ndi thukuta la anthu ambiri. Mai amene anasankha khasu la m'sitoro sanali wopusa. Anawerenga bwino mtengo wa tsiku lomwelo.

Chachitatu chinali msonkho. Dziko litalowa m'manja mwa Angerezi m'chaka cha 1891, boma linaika msonkho wa nyumba, ndipo pambuyo pache linachepetsera msonkho munthu amene anagwira nchito mwezi kwa Mzungu. Khasu silinalinso ndalama. Ndalama inali shilingi, ndipo shilingi inapezeka m'minda ya Azungu, ku Salisbury, ndi m'migodi ya ku Johannesburg. Anyamata amene akadakhala pambali pa wosula kupemerera mvukuto ndi kuphunzira anapita kumeneko, m'miyezi yomwe ya chilimwe imene ng'anjo zinayaka.

Chachinai chinali cha ife eni. Amisiri anabisa nzeru yao, naiphunzitsa kwa mwana kapena mphwao yekha, naizinga ndi zoletsa. Chifukwa chache panalibe wina wakuyesa njira yatsopano yochepetsa makala kapena yofulumiza nchito, pamene osula a maiko ena anali kusinthana nzeru ndi kuzilemba. Pofika zaka za m'ma 1930 ng'anjo zotsiriza zinazima, ndipo osula otsala anayamba kusula zitsulo zakutha zotola.

Chotsatira chache nchiani? Anthu sanaleka kulima thonje. Kuyambira kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900 analilima koposa kale, makamaka kuchigwa. Koma linaturuka m'dziko m'mabelo, losapota, nilibwera liri nsaru. Wolima analandira mtengo wa thonje lokha. Malipiro a wopota, a woomba, a wopanga makina ndi a wokonza makina anatsala kutsidya kwa nyanja. Panapita zaka ngati 100 kuchokera pa njala ija ya m'chigwa kufikira fakitale ya nsaru ya David Whitehead inatsegulidwa ku Blantyre m'chaka cha 1967. Akuru anati, nkhwangwa yobwereka siichedwa kuguluka. Ndipo dziko lonse linakhala logwira nchito ndi nkhwangwa zobwereka.

MJIGO WA KU LIVULEZI

Wina angafunse kuti, Kodi tibwerere ku ng'anjo? Iai, madzi akatayika saoleka, ndipo mitengo imene yatsala siingakwanire makala ache. Koma mzimu wa ng'anjo, ndiwo wa kupanga chipangizo choyenera pamalo, sunafe. Titchula zinthu ziwiri za masiku a ife tomwe, zimene nonse muzidziwa.

Choyamba ndi mjigo. Mijigo yakale inali yolemera, ndipo kuti aukonze anafunika amisiri a boma ndi galimoto, kuti azule mapaipi onse a chitsulo m'chitsime. Kanthu kakang'ono kakatha pansipo, mudzi unadikira miyezi, ndipo akazi anabwerera kumtsinje. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980, m'chigwa cha Livulezi m'boma la Ntcheu, amisiri a boma la Malawi pamodzi ndi akatswiri ochokera kunja anayesa mjigo wa mtundu wina, umene anautcha Maldev. Funso lao linali lakuti, Tipange bwanji mjigo umene anthu a pamudzi angaukonze okha? Nchitoyi inapitirira ku Kenya, ndipo mjigowo utakonzedwanso unatchedwa Afridev. Nzeru yache ndi iyi: paipi yaikuru ya pulasitiki ikhala m'chitsime osazulidwa, ndipo tizipangizo timene tikutha, ndito timphira ndi totsekera madzi, tikokedwa kupyola m'kati mwa paipiyo ndi ndodo zokolowekana. Anthu awiri kapena atatu, ngakhale akazi, ali ndi sipanala imodzi, akhoza kutsegula, kusintha kamphira, ndi kutseka dzuwa lisanapendeke. Ukoka madzi akuya kufikira mamita 45, ndipo mapangidwe ache sali a kampani imodzi. Ali yense aloledwa kuupanga. Lero uli m'midzi ya Malawi, Mozambique, Kenya, Ethiopia, Ghana ndi maiko ena.

Phindu lache lioneka m'nthawi imene mai sataya panjira ya kumtsinje, m'masiku amene wolima sagona ndi nthenda ya m'mimba pa nyengo ya kupalira, ndi m'ndalama zimene alandira wokonza mijigo ndi wogulitsa timphira pamsika. Koma tamverani mbali yachiwiri. Mijigo yambiri ya Afridev imene iri m'midzi yathu inapangidwa ku India. Nzeru inayesedwa ku Livulezi, koma mafakitale ache anamera kwina, kumene kunali osula, oumba pulasitiki ndi amalonda okonzeka kuigwira. Ife tinapeza madzi. Iwo anapeza madzi ndi malipiro omwe. Ndi nkhani yomwe ija ya thonje.

CHIMANGA CHOYENERA MTONDO

Chachiwiri ndi mbeu. Zaka zambiri alangizi anauza alimi kuti abzale chimanga cha haibulidi chifukwa chibereka koposa, koma ambiri anachibzala pang'ono, chogulitsa, nasunga cha makolo chodya. Ena anati alimi athu ndi ouma mitu. Koma akazi anadziwa chifukwa chache. Haibulidi wa masiku amenewo anali wa njere zofewa. Pokonola mumtondo zinanyenyeka, ufa wambiri nupita ndi gaga, mphale nitsala pang'ono. Ndipo m'nkhokwe anankafumbwe anachiboola msanga. Chimanga cha makolo ndi cha njere zolimba. Chikonoka bwino, nichisungika. Mbeu imene inapambana pa sikelo ya kumunda inagonja pamtondo.

Pa Chitedze, malo oyesera mbeu kufupi ndi Lilongwe amene anayamba m'chaka cha 1948, akatswiri a kuno kwathu, mmodzi wa iwo Dr. B. T. Zambezi, pothandizana ndi bungwe la CIMMYT, anamvera mau a akazi aja. Anakwatitsa mitundu yobereka kwambiri ndi mtundu wa njere zolimba, ndipo m'chaka cha 1990 anaturutsa MH17 ndi MH18, mbeu zobereka ngati haibulidi koma zokonoka pafupifupi ngati cha makolo. Alimi sanafunikenso kukakamizidwa. Pofika chaka cha 1993, pafupifupi gawo limodzi la magawo anai a minda ya chimanga ya alimi ang'ono linali la haibulidi, pamene zaka zisanu m'mbuyomo silinafike ngakhale gawo limodzi la magawo khumi.

Komanso apa tiyenera kunena zonse. Mbeu ya haibulidi igulidwa chaka ndi chaka, ndipo ikondwera ndi feteleza. Chilala cha 1992 chitapita, ngongole za m'makalabu a alimi sizinabwezedwe, ndipo pofika 1994 njira yonse ya ngongoleyo inagwa. Ambiri amene anakonda mbeuyo analibe chogulira. Chipangizo chabwino sichiima chokha. Monga ng'anjo inafuna mtendere ndi njira zotseguka, momwemonso mbeu ifuna msika wolongosoka ndi anthu obweza ngongole.

ZIMENE TIPHUNZIRAPO

Tikaika pamodzi khasu, nsaru, mjigo ndi mbeu, tiona ulusi umodzi. Zonsezi zinapindula chifukwa wopanga anali pafupi ndi wogwiritsa nchito, namva dandaulo lache. Wosula anadziwa dothi la minda ya kwao, nasula khasu loyenera dothilo. Wa mjigo anaona akazi akubwerera kumtsinje. Wa mbeu anaima pambali pa mtondo. Ndipo zonsezi zinaonetsa kuti phindu lalikuru siliri pa kugwiritsa nchito chipangizo, koma pa kuchipanga ndi kuchikonza, pakuti pamenepo ndipo pabadwa nchito za ana athu.

Tsono tiyang'ane pamsika wa kwathu ndi maso atsopano. Pali mnyamata wowotcherera zitsulo amene apanga mafelemu a zitseko ndi ngolo. Pali wokhoma zidebe ndi mbaula. Pali wokonza njinga ndi chigayo. Pali mai woumba mbaula ya dothi yosatha nkhuni. Ambiri a ife tiwapeputsa. Mwana akakhoza mayeso timfunira nchito ya kolembera, ndipo kwa mmisiri titumizako iye amene walephera. Tikafuna mipando ya sukulu kapena mazenera a nyumba yopemphereramo, maso athu athamangira za kunja, ngakhale za pafupi zingatikwanire. Akuru anati, mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Sitinena kuti mugule chinthu choipa chifukwa anachipanga mbale wanu, mukatero mumuononga. Tinena kuti mupite kwa iye, mumuuze pamene chinthu chache chalakwika, mumlipire mtengo woyenera pa nthawi yache, ndipo mubwerenso. Pakuti mmisiri akula ndi odandaula amene abweranso.

Ndi inu amisiri, musachite monga anachita eni ng'anjo. Musabise luso kuopa kuti wophunzira adzakulandani anthu. Phunzitsani ana a eni, anyamata ndi asungwana omwe. Lembani miyeso yanu m'kabuku. Pitani mukaone m'mene achitira anzanu a kwina, ndipo chimene mwaona muchiyese ndi zitsulo za kuno. Ndipo ife aphunzitsi, ndi inu akuru a midzi, tifunefune okalamba amene atsala, amene anamva kwa ambuye ao za kuyenga, za kupota ndi za kutcheza mchere, tilembe mau ao iwo asanatisiye.

Miyala ija sitinaitaye. Taiika pathandala m'chipinda cha sukulu, pambali pa kamphira kakutha ka mjigo ndi chitsononkho cha chimanga. Tinafotokozera ana nkhani yonse imene mwawerengayi, ndipo titatsiriza, msungwana wina anakweza dzanja nafunsa kuti, "Nanga khasu limene tilimira kumunda wa sukulu analipanga ndani?" Tinalitembenuza, tinawerenga chizindikiro chache, ndipo dzina la dziko lolembedwapo silinali lathu. Funso la mwanayo tilipereka kwa inu, abale. Mukafika kunyumba, tembenuzani khasu lanu, nimulingalire kuti adzukulu anu adzawerengapo dzina liti.